Sikelo ya m'misasa ya kuchigwa cha Shire: katemera wa chibayo amafika, koma wachiwiri ndiye amasowa

Madzi akasefukira m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, anthu n'kuthawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, pakapita masiku angapo pamafika gulu la azaumoyo litanyamula sikelo yopachika pamtengo, kaundula wamkulu ndi timabokosi tonyamulira katemera. Ntchito imeneyi ndiyo tikuiunika pano, ndipo tayang'ana mbali imodzi imene sikambidwa kawirikawiri: katemera wa chibayo wa makanda, amene m'buku la mwana amalembedwa kuti PCV. Maganizo athu tinene poyambirira pomwe. Aliyense amene ali pamsasa ndi mwana wosakwana chaka apite naye, sakalipira kanthu, ndipo pa tsiku loyamba ntchitoyi imayenda bwino kuposa mmene munthu angayembekezere pamalo opanda magetsi ndi msewu. Pamene imafooka ndi pakatha masabata anayi, nthawi imene mwana yemweyo akuyenera kubayidwanso, koma msasa watsekedwa, mayi wabwerera kudimba, ndipo palibe amene akudziwa kumene mwanayo ali.

Kachilombo koyambitsa chibayo chimenechi ndi bakiteriya wotchedwa Streptococcus pneumoniae, ndipo ali ndi mitundu yoposa 90. Amakhala m'mphuno ndi kukhosi kwa ana ambiri athanzi osawadwalitsa, n'kumafalikira kwa anzawo kudzera m'chifuwa, kuyetsemula ndi mamina. Akapeza mpata amatsikira m'mapapo n'kuyambitsa chibayo, kapena amalowa m'magazi, kapena amakafika ku ubongo n'kubweretsa matenda oumitsa khosi. Ana ena amangotuluka mafinya m'khutu. Zonse zimene zimampatsa mpata, msasa uli nazo nthawi imodzi: mabanja ambiri akugona m'kalasi imodzi mazenera ali otseka poopa udzudzu, pakhonde akuphika ndi nkhuni zonyowa utsi n'kumalowa m'kati, chakudya chachepa, ndipo ena amene amamwa ma ARV mankhwala awo apita ndi madzi. Kuno ambiri amati chibayo chimabwera chifukwa chogona pa simenti yozizira kapena kuvala zonyowa. Kumufunditsa mwana n'koyenera ndithu, koma bulangete silichotsa kachilombo kamene kali m'mphuno mwa mwana amene wagona naye pafupi.

Dziko lino linayamba kupereka katemerayu mu Novembala 2011, ndipo mtundu umene linayamba nawo ndi PCV13, woteteza ku mitundu 13 imene imadwalitsa ana kwambiri. Mwana amabayidwa katatu, ali ndi masabata 6, 10 ndi 14, tsiku lomwe amalandiranso katemera wa penta (woteteza ku matenda asanu) ndi wa poliyo, komanso wa rota (woteteza ku matenda otsegula m'mimba) pa maulendo awiri oyambawo. Akafukufuku a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anapeza kuti matenda oopsa obwera ndi kachilomboka anachepa pakati pa ana katemerayu atayamba, koma anapezanso kuti mitundu yomwe ili m'katemerayo ikadali m'mphuno za ana ambiri kuposa mmene zinakhalira kumayiko olemera. Tanthauzo lake kwa mayi wa pamsasa n'losavuta: musadalire kuti poti ana a anzanu anabayitsa ndiye wanu watetezeka. Kachilomboko kakuyendabe pakati pawo, ndipo khanda losabayidwa ndilo limagwidwa.

Chigwa chino chaona madzi a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023. Nthawi ngati zimenezi maso a azaumoyo ndi mabungwe amathamangira ku kolera, chikuku, malungo ndi kunyentchera, ndipo sitingawadzudzule, chifukwa kolera imapha m'maola ochepa. Koma katemera wa kolera ndi wa chikuku amatha kukhala ndi kampeni yakeyake, zimkuzamawu ndi magalimoto ake. Wa chibayo alibe zimenezo. Amangoyenda m'kabokosi ka sikelo ya masiku onse, ndiye sikelo ikaima kwa miyezi iwiri, mwana wobadwa mu Disembala amadutsa masabata 6 ndi 10 osabayidwa, pamsinkhu weniweni umene chibayo chimapha mosavuta.

Pa nkhani yofika pamsasa, ntchitoyi siifanana m'madera onse, ndipo chimasiyanitsa ndi msewu. Misasa ya m'mbali mwa msewu wa M1, kuyambira ku Chikwawa boma, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka ku Nsanje boma, imafikiridwa msanga msewu ukangotseguka. Kutsidya la kum'mawa kwa Shire, njira yochokera pa Thabwa kupita kwa Makhuwira mpaka ku Muona imadukaduka chifukwa cha mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo, ndipo ku Makhanga, kumene Ruo ndi Shire zimakumana, mu 2015 kunasanduka chilumba moti kunkafikika pa boti kapena pa ndege ya helikopita basi. Kumalo otere m'boti mumayamba kukwera ufa ndi mankhwala a kolera, kabokosi ka katemera kamadikira. Gulu limene limachita bwino ndi lija limauziratu komiti ya pamsasa ndi amfumu dzulo lake, n'kufika m'mawa dzuwa lisanakwere. Limene limangotulukira masana limapeza amayi apita kokatola nkhuni. Choipitsitsa ndi kuika sikelo tsiku limodzi ndi kugawa chimanga koma malo osiyana. Palibe mayi amene angasiye mzere wa ufa chifukwa cha jakisoni, ndipo wachita bwino kusausiya. Kumene azaumoyo aika tebulo lawo pafupi ndi pamene anthu akutulukira atalandira thumba, ana obayidwa amachuluka popanda wina kukalipa.

Tsopano tikhalitse pa kabokosi kaja, chifukwa m'menemo ndi mmene ntchito yooneka yabwino imaonongekera popanda woona. Katemerayu amasungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Munthu angaganize kuti kuchigwa kuno, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 ndipo ngakhale nthawi ya mvula kumatenthabe, mdani wamkulu ndi dzuwa. Koma PCV amapirira kutentha kwa kanthawi kuposa mmene amapirira kuundana. M'kati mwake muli mchere wa aluminium umene umathandiza thupi kupanga chitetezo, ndipo ukaundana kamodzi kokha umagwirana timibulu, monga mkaka umene wasanduka chambiko: muutakase bwanji, subwereranso mwakale. Kabotolo kotere kakasungunuka kamaoneka bwinobwino, mwana amabayidwa, amalira, m'buku mumalembedwa, koma chitetezo chake n'chochepa. Katemera wa penta ndi wa poliyo wobaya ali ndi vuto lomweli, ndipo onsewa amayenda m'kabokosi kamodzi.

Kuundanaku kumachitika chifukwa cha mantha a kutentha. Wonyamula akudziwa kuti ulendo wa pa boti ndi wautali, ndiye amatenga tizigubu tafulati ta madzi oundana, timene azaumoyo amati ma ice pack, kuchokera mufiriji tili gwa, n'kutiika m'kabokosi pamodzi ndi timabotolo. Tizigubu totere timatuluka tili pansi kwambiri pa madigiri 0, ndipo kabotolo kamene kakhudzana nato kamaundana ulendo usanafike pakati. Choyenera ndi kutiyala patebulo mpaka titayamba kuchita thukuta, ndipo mukatigwedeza pafupi ndi khutu muzimva madzi akuyenda ndi chibulu cha ayezi chikugunda m'mbali. Pamenepo mupukute, muike tinayi m'mbali zinayi za kabokosi, timabotolo tikhale pakati m'kapepala ka pulasitiki kuti madzi asafufute zolembedwa, siponji pamwamba, n'kutseka. Kuno kutentha kumathandiza, kudikiraku sikutenga nthawi yaitali ngati kumapiri, koma munthu amene galimoto ikumuimbira hutala panja amadumpha zimenezi. Pamsasa kabokosi kakhale pamthunzi, chivindikiro chisatsegulidwe pa mwana aliyense, ndipo kabotolo kamene kakugwiritsidwa ntchito kazikhala kobayidwa m'siponji ija, osati patebulo, osatinso mwachindunji pa ayezi.

Pa kabotolo kalikonse pali kachizindikiro kozungulira kokhala ndi kabokosi ka ngodya zinayi pakati. Kam'katiko kakakhala kowala kuposa kozungulira, katemera sanapse ndi kutentha. Kakafanana mtundu kapena kuderapo, kabotoloko n'kotaya ngakhale tsiku lake lotha ntchito lisanafike. Mayi aliyense akhoza kupempha kuti aone, ndipo mlangizi wa zaumoyo wodziwa ntchito yake sakwiya nazo. Koma kachizindikiroka kamangonena za kutentha, za kuundana sikanena kanthu, ndipo apa ndi pamene ambiri amanyengeka. Kuti mudziwe ngati kabotolo kanaundanapo pamafunika kuyesa kogwedeza. Mumatenga kabotolo kena ka gulu lomwelo, mumakaundanitsa dala usiku wonse mpaka kulimba, mumakasungunula, mumakalemba chizindikiro kuti kasabayidwe kwa munthu, kenaka mumagwedeza tonse tiwiri m'dzanja limodzi kwa masekondi 10 mpaka 15 n'kutiimika pamalo owala. Ngati m'kabotolo kokayikitsa zoyera zikutsika pansi mofulumira mofanana ndi m'kaja kanaundanitsidwa dala, kapena kuposa, katemera waonongeka. Kuyesa kumeneku sikungachitike pansi pa mtengo pamsasa, n'kwa kuchipatala, ndiye chitetezo chenicheni ndi kulongedza bwino m'mawa.

Kuchipatala komweko nako kumakhala nkhani. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, omwe ali ku Chikwawa konkuno, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo magetsi ankazimazima kwa nthawi yaitali. Mafiriji oyendera dzuwa, amene amasunga kuzizira m'madzi oundana a m'kati mwake m'malo mwa mabatire, ndiwo asintha zinthu m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo pamenepa ntchitoyi tiyiyamikire. Koma firiji ya sola siithandiza ngati madzi alowa m'chipinda. M'firiji mumakhala kachipangizo kosunga mbiri ya kuzizira ya masiku 30, kamene kamachenjeza ngati kwatentha kuposa madigiri 8 kwa maola 10, kapena kwazizira kupitirira theka la digiri pansi pa 0 kwa ola limodzi. Madzi akaphwa, asanatenge kabotolo ngakhale kamodzi kupita nako kumsasa, wina awerenge kachipangizoka. Chipatala chimene chimadziwika kuti chimamira chiyenera kusamutsa katemera wake chenjezo la a zanyengo likangoperekedwa, osadikira kuti madzi afike pakhomo.

Kawerengedwe ka zonyamula n'kosavuta koma kamalakwika. Tiyerekeze kuti komiti ya pamsasa yalemba makanda 40 ofunika PCV. Ngati timabotolo tili tija tokwana ana anayi kamodzi, pakufunika 10, ndi tiwiri kapena titatu tapadera chifukwa nthawi zonse pamabwera ana a m'midzi yoyandikana amene sanalembedwe, ngakhalenso a kutsidya ku Mozambique. Mwana aliyense amalandira 0.5 ml ndi jakisoni wake watsopano, wa mtundu uja umadzitseka ukagwira ntchito kamodzi. Koma ana 40 omwewo akufunikanso penta, ndipo ena poliyo wobaya, ndiye majakisoni afika pafupifupi 100, amene amadzaza katoni imodzi yotayiramo ya malita 5. Gulu likabwera ndi katoni imodzi yokha, madzulo majakisoni otha ntchito amakhala ali m'jumbo, pamalo pamene ana akusewera opanda nsapato. Kabotolo ka PCV ka ana anayi kali ndi mankhwala otetezera, ndiye kakatsegulidwa kangathe kugwira ntchito mpaka masiku 28, bola kalembedwe tsiku lotsegulira, kasungidwe pozizira bwino, ndipo kumutu kwake kusamire m'madzi a m'kabokosi. Izi n'zosiyana ndi katemera wa chikuku ndi BCG (wa chifuwa chachikulu), amene akasakanizidwa amatayidwa pakatha maola 6 kapena sikelo ikatha. Choncho mlangizi amene akubweza mayi ponena kuti sangatsegule kabotolo ka PCV chifukwa cha mwana mmodzi walakwitsa. Atsegule.

Chimene chimachedwetsa mzere kwambiri ndi mabuku a ana. Ambiri amapita ndi madzi, ena amatsala atanyowa moti inki yafufutika, ndipo kaundula wa kuchipatala kapena wa mlangizi wa m'mudzimo mwina nayenso ananyowa. Apa magulu amasiyana kwambiri. Ena amabweza mayi kuti akapeze kaye buku, pamene m'malo ambiri bukulo limagulidwa, ndipo munthu amene watuluka m'nyumba usiku ndi chitenje chokha alibe ndalama imeneyo. Kubweza mwana chifukwa cha buku ndi kulephera kwakukulu kwa ntchitoyi kulikonse kumene kumachitika. Gulu labwino limabwera ndi mabuku atsopano kapena timakhadi tongoyembekezera, ndipo limafunsa mafunso oyenera. Kufunsa kuti "Kodi mwanayu anamaliza katemera?" sikuthandiza, chifukwa pafupifupi aliyense amayankha kuti inde. Funso lothandiza ndi lakuti, "Amayi, chibadwire mwanayu mwapita naye kangati kusikelo kumene anamubaya ntchafu zonse ziwiri? Ulendo womaliza unali chimanga chisanabzalidwe kapena chitamera?" Ngati wabwera ndi agogo, afunsidwe kumene kuli mayi ake. Chipsera cha pamkono chimangosonyeza BCG, sichinena za PCV. Ndipo kumene anthu ambiri amayankhula Chisena, monga kwa Ndamera, kwa Tengani kapena kwa Mlolo, mafunsowa afunsidwe m'Chisena ndi mlangizi wa komweko, chifukwa mayi wotopa amangovomera zimene sanamvetse kuti mzere uyende.

Pakakhala kukayika, lamulo ndi kubaya. Jakisoni mmodzi woonjezera savulaza mwana, koma wosowa amamusiya pangozi. Lamulo lina, limene ngakhale amayi ena ophunzira sadziwa, ndi lakuti katemera sayambidwanso. Mwana amene analandira woyamba mu Januwale, madzi n'kudula njira mpaka Epulo, akapezeka amalandira wachiwiri, osati woyambanso. Chimene sichiloledwa ndi kufupikitsa: pakati pa jakisoni wina ndi mnzake papite masabata anayi osachepera. Pamsasa pamene pamafika magulu awiri, la boma ndi la bungwe, osauzana, mwana wopanda buku akhoza kubayidwa kawiri m'sabata imodzi, ndipo wachiwiriyo sawerengedwa.

Kabayidwe kake, pa zimene zimaoneka ndi maso, kawirikawiri n'kabwino, chifukwa alangizi a zaumoyo amachita zimenezi mwezi ndi mwezi. Zoyenera kuona ndi izi. Ayambe ndi katemera wodonthezera m'kamwa, mwana asanayambe kulira. Mayi akhale pansi, amufungatire mwana, agwire miyendo, ndipo ngati akuyamwa amuyamwitse nthawi yomweyo, ululu umachepa. Kabotolo kagwedezedwe kaye mpaka madzi ake akhale oyera mofanana. Singano ilowe moongoka m'mnofu wa kunja kwa ntchafu, pakatikati, osati m'thako, chifukwa thako la khanda lili ndi mafuta ambiri ndipo m'menemo mumadutsa mtsempha waukulu wa mwendo. PCV ndi penta apite ntchafu zosiyana, ndipo ngati ntchafu imodzi ikulandira majakisoni awiri atalikirane masentimita awiri ndi theka. Singano isavindikiridwenso, ilowe m'katoni. Chimene chimasowa pamzere wautali ndi mphindi 15 zodikira mwana atabayidwa, ndi mawu ofotokoza zimene zichitike usiku. Mwana amatha kutentha thupi, kulira, ndi kutupa pobayapo kwa tsiku limodzi kapena awiri. Pasatikitidwe, pasapakidwe kanthu, ayamwe pafupipafupi, ndipo panado aperekedwe pa mlingo umene azaumoyo anena malinga ndi kulemera kwa mwanayo. Mayi amene sanauzidwe izi, m'kalasi yogona mabanja makumi angapo, mwana wake akalira usiku wonse, m'mawa msasa wonse umakhala utamva kuti katemera wa ulendo uno ndi woipa.

Palinso ana amene amabwezedwa chifukwa chodwala pamene sanayenere kubwezedwa. Pamsasa pafupifupi khanda lililonse lili ndi chimfine, kachifuwa kapena kutsegula m'mimba pang'ono. Zimenezi siziletsa katemera. Kunyentchera sikuletsa, HIV siiletsa, ndipo ana oterewa ndiwo akumufuna kwambiri. Woyenera kudikira ndi mwana wodwala kwambiri amene akufunika chipatala lero lomwe, ndipo wosayenera kubayidwanso ndi amene ulendo wapitawo anatupa nkhope kapena kubanika atangobayidwa, zomwe sizichitikachitika.

Mbali imene timaiona kuti ndi yamphamvu pa sikelo ya pamsasa ndi yakuti tebulo lomwelo limagwiranso ana amene chibayo chawayamba kale, pakuti katemera sachiza, ndipo chitetezo chake chimatenga pafupifupi masabata awiri kuti chiyambe. Satetezanso ku chibayo chilichonse, china chimabwera ndi mavairasi. Mlangizi amakweza malaya a mwana, mwanayo ali phee, n'kuwerenga kupuma kwa mphindi yathunthu. Khanda losakwana miyezi iwiri likapuma ka 60 kapena kuposa, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zisanu ka 40, ndiye kuti akupuma mofulumira. Kuwerenga theka la mphindi n'kuchulukitsa kawiri kumasokoneza, chifukwa makanda amapuma modukiza. Malangizo a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO kwa azaumoyo a m'midzi ndi akuti mwana wa miyezi iwiri kupita m'tsogolo amene akupuma mofulumira popanda zizindikiro zoopsa amwe amoxicillin wosungunuka m'madzi wa 250 mg, piritsi limodzi kawiri pa tsiku ngati sanakwane chaka, mapiritsi awiri kawiri pa tsiku ngati wakwana, kwa masiku 5. Madzi osungunulira akhale othira mankhwala kapena owiritsa, apo ayi mkaka wa m'mawere. Mwana akachita bwino tsiku lachitatu mankhwala asasiyidwe kapena kugawiridwa mwana wa mnzanu wogona naye pafupi, ngakhale chifundo chikukakamizeni. Koma ngati pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, kapena akukanika kuyamwa, akusanza chilichonse, akukomoka, kapena wafooka osadzuka, ameneyo ndi wa kuchipatala chachikulu, monga cha Chikwawa, cha Nsanje, cha Ngabu, cha Montfort ku Nchalo, cha Kalemba ku Bangula kapena cha Trinity ku Muona, kumene angagonekedwe. Khanda losakwana miyezi iwiri lopuma mofulumira nalonso lionedwe kuchipatala. Gulu limene labwera pa boti lisiye malo a mwana woteroyo ndi mayi ake pobwerera.

Za ana opitirira chaka amene sanalandireko PCV kapena sanamalize, ntchitoyi imachita mosiyanasiyana. Ndondomeko ya masiku onse inapangidwira makanda, ndiye mlangizi amene sanauzidwe china amabweza mwana wa miyezi 16. Malangizo a WHO a mu 2019 amati pa nthawi ya ngozi makanda alandire monga mwa msinkhu wawo, ndipo ana mpaka zaka zisanu aganiziridwenso malinga ndi mmene zinthu zilili. Amatinso mwana amene wakwana zaka ziwiri jakisoni mmodzi amamukwanira. Kugamula zimenezi ndi udindo wa Unduna wa Zaumoyo ndi ofesi ya zaumoyo ya boma, osati mlangizi payekha, koma chigamulocho chizifika pamsasa cholembedwa, pamodzi ndi timabotolo toonjezera. Kholo la mwana wotere lifunse, lisangochoka.

Tibwere pa sabata yachinayi. Misasa yambiri ili m'masukulu, ndipo sukulu ziyenera kutsegulidwa, ndiye anthu amasamutsidwa kapena kuuzidwa kubwerera. Ena amachoka okha madzi akangoyamba kuphwa, kuthamangira chinyezi cha m'madimba a m'mbali mwa Shire, ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi, kukabzala chimanga ndi mbatata, chifukwa mbewu ya kumunda yapita. Ena amapatsidwa malo atsopano kumtunda, pansi pa mfumu ina ndi mlangizi wina. Kaundula wa pamsasa, amene nthawi zambiri amangokhala pepala lowerengera kuti lero tabaya angati, amapita ku ofesi ya boma kukalowa mu lipoti. Chiwerengero chimaoneka chokongola, koma mwana walandira jakisoni mmodzi mwa atatu, ndipo kwa khanda mmodziyo sakwanira.

Kukonza kwake sikufuna galimoto ina. Polemba mwana pamsasa palembedwe mudzi umene anachokera, dzina la nyakwawa ndi gulupu, dzina la mlangizi wa kumeneko, ndi kumene banjalo likuganiza zopita msasa ukatha. Dzina la mayi lilembedwe pamodzi ndi la mwana, chifukwa khanda la masabata 6 limatha kudzatchedwa dzina lina likamakula. Gulu lisanachoke, mainawo agawidwe kwa alangizi a midzi imeneyo, aliyense atenge ake. Tsiku lobweranso lilembedwe m'buku ndiponso linenedwe pakamwa mogwirizana ndi chinthu chimene mayi sangaiwale, monga tsiku la msika wa kwawo, ndipo auzidwe malo awiri: pano ngati msasa udakalipo, apo ayi sikelo yakutiyakuti. Auzidwenso momveka kuti sikelo iliyonse m'dziko muno iyenera kumulandira, ngakhale si ya kwawo, ndiponso kuti akachedwa asachite manyazi kapena kuopa kukalipiridwa. Kukalipira mayi wochedwa ndi njira yachangu yotayira jakisoni wachitatu.

Kwa makolo, buku latsopanolo likulungidwe m'jumbo ziwiri n'kusungidwa pamodzi ndi chiphaso cha unzika, pamalo pamene dzanja lingafike mumdima. Ngati m'banjamo kapena kwa oyandikana nawo muli foni yojambula, tsamba la katemera lijambulidwe ulendo uliwonse n'kutumizidwa pa WhatsApp kwa wachibale amene ali kumtunda. Musanachoke patebulo, tsegulani bukulo muone ngati pamzere wa PCV palembedwa tsiku la lero, chifukwa pamzere wautali wobaya ndi wolemba amakhala anthu awiri, ndipo kawirikawiri amalemba pa penta n'kuiwala pa PCV.